Mita Imodzi ya M'mphepete mwa Tala: Pomwe Pagona Mkangano wa Apanjinga ndi Oyendetsa Galimoto m'Mizinda Yathu

Unduna wa Zamtengatenga ukudziwa za kusamvana komwe kwakula pakati pa oyendetsa galimoto ndi opalasa njinga m'misewu ya m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Madalaivala amadandaula kuti apanjinga amangotulukira pamsewu osayang'ana, amayenda usiku opanda nyale, ndipo amamanga katundu wotambalala ngati wa pangolo. Apanjinga nawo amati madalaivala amawadzidzimutsa ndi hutala, amawapanikizira kungalande, ndipo akawagunda saima. Mbali zonse ziwiri zikunena zoona. Vuto n'lakuti aliyense amangodziwa zomwe amaona ali pampando wake. Wa pachiwongolero sadziwa momwe m'mphepete mwa tala mumaonekera kwa munthu amene ali pachishalo, ndipo wa pachishalo sadziwa kuti nthawi zina dalaivala amakhala asakumuona n'komwe.

Mkanganowu wakula pamodzi ndi mizinda. Pamene Lilongwe imakhala likulu la dziko lino mu 1975 inali tauni yaing'ono, ndipo kalembera wa mu 1977 adapezamo anthu osakwana 100,000. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu pafupifupi 990,000 mu Lilongwe, oposa 800,000 mu Blantyre, oposa 220,000 mu Mzuzu ndi oposa 100,000 mu Zomba. Magalimoto ogwirapo kale ntchito ochokera ku Japan achuluka, njinga zamoto zakabaza zabwera mwaunyinji, koma misewu yambiri yolowera m'mizindayi ikadali ya mizere iwiri yokha: umodzi wopita, wina wobwera.

Munthu amene ali panjinga mbandakucha sakhala akusewera. Ndi mlimi wochokera ku Mitundu, ku Mpingu kapena ku Lumbadzi amene akuthamangira kumsika ndi matimati, kabichi kapena nkhuku dzuwa lisanawombe. Ndi wogulitsa zamasamba wochokera ku Bvumbwe, ku Mpemba kapena ku Lunzu amene akupita ku Limbe. Ndi mlonda woweruka kuntchito, mmisiri wopita ku Kanengo kapena ku Makata, kapenanso wakabaza amene wanyamula mwana wasukulu. Ndiwo zambiri zomwe zimaphikidwa m'nyumba za m'tauni, kuphatikizapo nyumba ya dalaivala amene akuliza hutalayo, zimalowa mumzinda zili pakaliyala. Ndipo mafuta akasowa m'dziko, magalimoto atandanda pamizere, njinga ndi imene imapitiriza kuyenda.

Lamulo la zapamsewu la Road Traffic Act la mu 1997 limawerengera njinga yakapalasa m'gulu la zoyenda pamsewu. Choncho wapanjinga si mlendo wongololedwa mwachifundo. Ali ndi ufulu woyenda pamsewu, komanso malamulo amamumanga monga amamangira dalaivala: ayende kumanzere, aime pa maloboti akayaka ofiira, apereke mpata pa raundabauti, ndipo alemekeze malo owolokerapo oyenda pansi.

Pali mawu ena omwe amamveka kawirikawiri m'masiteji, akuti msewu ndi wa oyendetsa galimoto poti ndiwo amaulipira. N'zoona kuti pamtengo wa petulo ndi dizilo pali gawo lomwe limapita kuthumba lokonzera misewu, lomwe limayang'aniridwa ndi bungwe la Roads Fund Administration, ndiponso kuti magalimoto amalipira pazipata za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke mumsewu wa M1. Koma misewu imamangidwanso ndi misonkho ya Amalawi onse, ngongole zomwe dziko lonse lidzabweze, komanso thandizo la maiko ndi mabungwe akunja. Mlimi akagula tayala, chubu kapena malata amadula msonkho wa VAT monga wina aliyense. Komanso chimene chimafumbula tala ndi kulemera kwa katundu pa matayala, n'chifukwa chake masikelo a m'zipata monga Mwanza, Mchinji ndi Songwe amapima malole osati njinga. Njinga chikwi zingadutse pamalo amodzi osasiya chizindikiro chomwe lole imodzi yolemera mopyola muyeso imasiya.

Zomwe dalaivala saona

Pafupifupi mikangano yonse imayambira pakamzere kopapatiza ka m'mphepete mwa msewu, komwe tala amathera. Dalaivala akayang'ana kuchokera m'galimoto amaona ngati kumeneko kuli malo okwanira. Wapanjinga amaona zina. Amaona tala wonyotsoka ngati chigumu cholumidwa, ndi chiphompho cha pakati pa tala ndi dothi chomwe m'malo ena chimafika m'kakolo. Amaona mchenga wokokoloka ndi mvula, womwe umatereretsa tayala lakutsogolo; magalasi a mabotolo osweka; ngalande yomwe zivundikiro zake zidabedwa; galimoto yoima; thebulo la wogulitsa nthochi. Akakhotera mkati mwa msewu mwadzidzidzi, nthawi zambiri si matama kapena chipongwe, koma akulewa dzenje lomwe dalaivala sanalione.

Njinga yolemedwa imakhalanso ndi khalidwe lake. Matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50 lililonse amaposa kulemera kwa wopalasayo, ndipo kulemerako kumakhala kumbuyo, pamwamba pa tayala limodzi. Njinga imaima chilili chifukwa cha liwiro; ikayamba kukwera chitunda liwiro limachepa, ndipo imayamba kudzandira uku ndi uku. Wopalasa sangaime pomwepo ngati momwe galimoto imaimira, pakuti akaponda pansi molakwika katundu amamugwetsa. Hutala yolizidwa pafupi ndi khutu la munthu wotere simuchotsa pamsewu, imangomudzidzimutsa, ndipo munthu wodzidzimuka amatembenuka kuti aone kumbuyo. Akatembenuzira mutu kumanja, mahandulo nawo amatsatira kumanja, komwe kukubwera galimotoyo. Hutala yothandiza ndi yaifupi, yolizidwa patali, yongodziwitsa kuti kumbuyo kukubwera galimoto.

Masamu a msewu ndi osavuta. Mzere umodzi wa msewu waukulu umatambalala mamita atatu kapena atatu ndi theka. Lole kapena basi yaikulu imatenga pafupifupi mamita awiri ndi theka. Potsala sipapitirira mita imodzi, pomwe njinga yopanda katundu imafuna malo opitirira theka la mita, ndipo yonyamula dengu kapena thumba logoneka chopingasa imatha mita yonseyo. Apa n'zoonekeratu kuti lole ndi njinga sizingakwane mumzere umodzi. Woyendetsa lole, basi ngakhale galimoto yaing'ono ayenera kupitirira njinga monga momwe amapitirira ngolo kapena thirakitala: adikire kutsogolo kuyere, atulukeko mumzere wake, ndipo abwerere atatsimikiza kuti njingayo yatsala kumbuyo. Dziko la Britain, komwe amayendanso kumanzere ngati kuno, lidalemba m'malamulo ake apamsewu mu 2022 kuti galimoto isiye mpata wosachepera mita imodzi ndi theka popitirira njinga m'tauni, ndi mpata woposa apo liwiro likakwera. Muyeso umenewu ndi wanzeru paliponse, chifukwa galimoto yaikulu ikamadutsa imakankha mphepo kutsogolo kwake n'kukokanso ina kumbuyo, ndipo mphepo yokhayo imatha kugwetsa munthu osamukhudza. Kudikira kumbuyo kwa njinga pamlatho kapena pokhota kumatenga masekondi owerengeka. Amene adagundapo munthu amadziwa kuti mlandu wake umatenga miyezi.

Ngozi ina yosakambidwa kawirikawiri ndi ya chitseko. Galimoto ikaima kumanzere kwa msewu, chitseko cha dalaivala chimatsegukira komwe kumadutsa njinga. Njira yopewera ndi yapafupi: dalaivala azizolowera kutsegula chitseko ndi dzanja lamanzere, pakuti potero thupi limatembenuka lokha ndipo maso amaona zakumbuyo.

Zomwe wapanjinga sadziwa

Cholakwa chachikulu cha apanjinga, chomwe ambiri amachichita poganiza kuti akudziteteza, ndi kuyenda kumanja moyang'anizana ndi magalimoto. Langizo loyenda moyang'anizana ndi magalimoto ndi la oyenda pansi pamsewu wopanda njira yapambali, osati la njinga. Galimoto ikamayenda pa makilomita 50 pa ola ndipo njinga ili pa 15, zonse zikulowera kumodzi, galimotoyo imayandikira njinga pa liwiro la makilomita 35 pa ola. Zikamayang'anizana, liwirolo limaphatikizana n'kukhala 65, kotero nthawi yolewana imachepa ndipo kugundana kwake kumakhala koopsa. Chinanso, dalaivala amene akutuluka m'kamsewu kulowa mumsewu waukulu n'kukhotera kumanzere amaponya maso kumanja, komwe kumachokera magalimoto. Njinga yoyenda mbali yolakwika imatulukira kumanzere kwake, komwe sakuyembekezerako chilichonse.

Usiku, wapanjinga amaona nyale za galimoto zili patali ndithu, n'kumaganiza kuti nayenso akuoneka. Sizili choncho. Munthu wovala zakuda pa njinga yopanda chonyezimira amaoneka galimoto itafika kale pafupi, makamaka ngati dalaivala wathobwa m'maso ndi nyale za galimoto ina yochokera kutsogolo, kapena mvula ikugwa. Pa liwiro la makilomita 50 pa ola galimoto imayenda mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi, ndipo pa 80 imayenda mamita 22. Sekondi imodziyo ndi nthawi yomwe dalaivala watcheru amatenga kuti phazi lichoke pa mafuta n'kufika pa buleki, galimoto isanayambe n'komwe kuima. Nyale yoyera kutsogolo, chonyezimira chofiira kumbuyo ndi chovala chowala zimapatsa dalaivala masekondi omwe akusowawo. Mtengo wake sufika pa dengu limodzi la matimati. Ndipo amene wamanga thumba kumbuyo aonetsetse kuti thumbalo silinaphimbe chonyezimiracho. Ngati laphimba, amangirire china pathumba pomwepo.

Lole ili ndi malo omwe dalaivala wake sangaone ngakhale atayesetsa. Iye amakhala kumanja, pamwamba, choncho njinga yomwe ili kumanzere pafupi ndi chitseko, kapena kutsogolo pansi penipeni pa galasi, kapena kumbuyo kwa ngolo yake, imabisika. Choopsa kwambiri ndi pamphambano. Lole yaitali ikafuna kukhotera kumanzere imayamba yapatukira kumanja kuti ipeze malo, ndipo wapanjinga amaona ngati yamutsegulira njira. Akalowa pampatapo, matayala akumbuyo, omwe satsata mapazi a akutsogolo koma amadula pangodya, amamutsekera. Wapanjinga asaime kapena kudutsa kumanzere kwa lole kapena basi pamphambano. Atsale kumbuyo, pomwe angaone galasi la dalaivala. Ngati iye sakuliona galasilo, ndiye kuti dalaivala nayenso sakumuona. Za mchitidwe wogwira kumbuyo kwa lole pokwera chitunda sipafunika kutaya mawu: lole ikangosintha giya kapena kulewa dzenje, wogwirayo amathera pansi pa matayala.

Palinso nkhani ya mabuleki. Njinga zambiri zonyamula katundu zimaimitsidwa ndi chidendene kapena patapata wokhuza tayala. M'njira za kumudzi zimatheka, koma pamtsetse wa m'tauni monga yomwe yadzaza mu Blantyre ndi Zomba, katundu wa makilogalamu 100 samvera patapata. Ndipo pokhota, wapanjinga ayang'ane kumbuyo n'kutambasula dzanja nthawi ikadalipo. Njinga ilibe indiketa; dzanja ndilo chilankhulo chokhacho chomwe dalaivala angamve.

Udindo sufanana

Ngakhale mbali zonse zili ndi zolakwa, zotsatira za zolakwazo sizifanana. Wapanjinga akalakwitsa, galimoto imaphwanyika nyale kapena kukalika penti. Dalaivala akalakwitsa, munthu amathyoka msana. Galimoto yaing'ono imalemera pafupifupi tani imodzi, ndipo mphamvu yomwe imagunda nayo imakula mofulumira kuposa liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi, chimodzimodzinso mtunda womwe galimoto imakhwekhwereka isanaime. N'chifukwa chake akatswiri a chitetezo cha pamsewu amalimbikitsa liwiro la makilomita 30 pa ola pamalo pomwe anthu, njinga ndi magalimoto zasakanikirana, monga pamisika, pasukulu ndi pamadepoti. Munthu wogundidwa pa liwiro limeneli kawirikawiri amapulumuka.

Lipoti la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO la mu 2023 lidasonyeza kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, chigawo cha Africa ndicho chimataya miyoyo yambiri. Bungwe la United Nations lidaika zaka za 2021 mpaka 2030 kukhala nyengo yochepetsa ndi theka imfa ndi kuvulala kwa pamsewu. M'dziko ngati lathu, momwe mabanja okhala ndi njinga ndi ambiri kuposa okhala ndi galimoto, cholingachi sichingatheke popanda kuteteza wapanjinga. Choncho amene wagwira chiwongolero asenze udindo waukulu, ngakhale pamene wolakwa ndi mnzakeyo. Laisensi imaperekedwa kwa munthu amene waphunzira kuyembekezera zolakwa za ena.

Pamasiteji mkangano umakhala ndi fungo la ndalama. Woyendetsa minibasi ali ndi ndalama yomwe mwini galimoto akuiyembekezera madzulo, choncho akaona munthu wakweza dzanja amapitirira njinga n'kuima kutsogolo kwake kwenikweni, kenako n'kunyamukanso osayang'ana. Wakabaza naye akudikira munthu yemwe watsika minibasiyo, ndiye amaunjikana ndi anzake pakamwa pa siteji, pomwe minibasi imayenera kulowera. A njinga zamoto amadutsa pakati pa onsewa. Aliyense akusaka chakudya cha ana, palibe angatsutse, koma siteji ya kabaza itasunthira mamita ochepa kutsogolo kwa pomwe minibasi zimaima, kunja kwa tala, makasitomala sangasowe. Magulu a akabaza ndi a eni minibasi angathe kugwirizana zimenezi pamodzi ndi khonsolo popanda kudikira kuti wina afe kaye.

Amalonda nawo ali ndi gawo lawo, ngakhale ambiri sadziona ngati ali m'nkhaniyi. Thebulo lililonse, mulu wa mbatata kapena wilibala yoikidwa m'mphepete mwa msewu imachotsa woyenda pansi pamalo pake n'kumuika pomwe pamadutsa njinga, ndipo njingayo imakankhidwira pakati pa magalimoto. Wogula amene amaimika galimoto theka lili patala kuti agule chimanga chootcha amachita zomwezo.

Ngozi ikachitika

Apa ndi pomwe chidani cha mbali ziwirizi chimaonekera poyera. Madalaivala ena amathawa akagunda munthu, ena chifukwa cha kuuma mtima, ena chifukwa choopa kumenyedwa kapena kuotcheredwa galimoto ndi gulu. Gulu nalo limakwiya msanga chifukwa lidaonapo madalaivala akuthawa. Khalidwe lililonse limadyetsa linzake, ndipo amene amavutika ndi wovulala, yemwe amagona pansi anthu akulimbana. Kawirikawiri galimoto yomwe ikadamufikitsa msanga ku Kamuzu Central, ku Queen Elizabeth, ku Mzuzu Central kapena ku Zomba Central ndi yomweyo yomwe ikugendedwa.

Lamulo limafuna kuti dalaivala aime, aone ngati pali wovulala, athandize momwe angathere, apereke dzina lake ndi nambala ya galimoto, ndipo akanene kupolisi. Ngati moyo wake uli pachiswe chifukwa cha gulu, alunjike kupolisi yapafupi nthawi yomweyo, osati kunyumba kapena kugalaja. Kumenya dalaivala kapena kuwononga galimoto ndi mlandu paokha, posatengera kuti wolakwa pangoziyo ndani. Amene aona ngozi angathandize kwambiri polemba nambala ya galimoto, kuchenjeza magalimoto ena kuti asapondenso wovulalayo, ndi kumunyamula mosamala, khosi ndi msana zili zowongoka.

Alimi ndi amalonda adziwenso ichi: galimoto iliyonse yoyenda pamsewu imayenera kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena omwe ingawavulaze, ndipo wapanjinga wogundidwa, kapena banja lake, angathe kupempha chipukutamisozi. Koma kampani ya inshuwalansi imafuna lipoti la apolisi ndi la chipatala. Ambiri amavomera kandalama kochepa pamalo a ngozi, kokwanira kuwongola limu ndi kugula masipoko, kenako ululu umadzayamba patapita masiku, galimoto itapita kalekale ndipo palibe amene adalemba nambala yake.

Mankhwala okhalitsa a mkanganowu ndi kulekanitsa njinga ndi magalimoto. Dziko la Netherlands, lomwe lero limatchuka ndi njinga, nalonso lidali ndi imfa zambiri zapamsewu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo lidasintha zinthu pomanga njira za njinga zapadera ndi kuchepetsa liwiro m'malo okhala anthu. Ntchito yotere imadya ndalama ndi zaka. Kuno kwathu misewu ikuluikulu ili m'manja mwa bungwe la Roads Authority, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2006, pomwe misewu yambiri ya m'kati mwa mizinda ili pansi pa makhonsolo. Pomwe msewu wakuzidwa n'kupatsidwa malo apambali a oyenda pansi ndi njinga, malowo amagwira ntchito pokhapokha akasiyidwa opanda kanthu. Akasanduka poimika magalimoto, potsukira minibasi, pogulitsira kaunjika kapena njira yachidule ya njinga zamoto, wapanjinga amabwereranso patala, ndipo ndalama zomwe zidalowa pamenepo zimakhala zapita m'madzi.

Nyengo ya mvula ndi yomwe m'mphepete mwa misewu mumaonongeka kwambiri, ndiponso ndi nthawi yomwe alimi amanyamula feteleza ndi mbewu panjinga kuchokera m'misika ya m'tauni. Unduna ukupempha aliyense amene waona ngalande yotseguka, dzenje la m'mphepete mwa tala, chikwangwani chogwa kapena nyale zapamsewu zozima kuti adziwitse khonsolo ya mzinda wake kapena ofesi ya Roads Authority. Madandaulo okhudza kayendetsedwe koopsa ka galimoto, minibasi kapena kabaza apite kwa apolisi apamsewu kapena ku ofesi ya Road Traffic yapafupi, ndipo wodandaula atchule nambala ya galimoto, malo, tsiku ndi nthawi.